Mwana wa ku Kaunda Square Ayambe Kuwerenga m'Chinenero Chiti?

Inu amene mukhala ku Kaunda Square, ndi inunso amene mumangopitako kukaona abale, mwina simunaganizepo kuti dera limeneli lazingidwa ndi malo atatu amene munthu sangathe kuwalumpha pofotokoza mbiri ya maphunziro m'dziko lathu la Zambia. Malo oyamba ndi sukulu ya Munali, imene inayamba m'chaka cha 1939, ngakhale kuti masiku amenewo inali pamalo ena mu Lusaka momwemu. Imeneyi ndiyo inali sekondale yoyamba ya Boma ya anyamata achikuda, ndipo Kenneth Kaunda anaphunzirapo kuyambira 1941 kufikira 1943. Malo achiwiri ali pa Munali Road, m'nyumba zimene akatswiri amachitiramo kafukufuku wa miyambo, zinenero ndi chuma cha anthu. Bungwe lao linabadwira ku Livingstone ndi dzina la Rhodes-Livingstone Institute, mu 1971 linatchedwa Institute for African Studies, ndipo kuyambira 1996 lidziwika kuti Institute of Economic and Social Research. Malo achitatu muwapeza mukatsata Great East Road kulowera kumzinda. Kumeneko kuli Yunivesite ya Zambia, ndipo m'kati mwake muli chigawo chosula aphunzitsi, chotchedwa School of Education.

Nkhani yathu ikhudza chigawo chimenechi. Sitidzawerenga maina a onse amene anachitsogolera, koma tidzatsata funso limodzi limene lakhala likuzungulira m'makonde ake kwa zaka pafupifupi 60: kodi mwana akalowa Giredi 1, aphunzire kuwerenga m'chinenero chiti? Funsoli lioneka laling'ono, loyenera aphunzitsi okhaokha. Koma mwana amene sanagwire kuwerenga pofika Giredi 3 kapena 4 amayamba kutsalira pa masamu, pa sayansi ndi pa maphunziro ena onse, pakuti zonsezo zimadzera m'buku. Mwana wotere amakhala m'kalasi tsiku ndi tsiku, yunifomu yochapa bwino, kope lodzaza ndi zokopera pabolodi, koma osadziwa chimene wakopera.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Sukulu zoyamba m'dziko lino zinali za amishoni, ndipo amishoniwo anaphunzitsa m'zinenero za anthu amene anawapeza. Kum'mawa, a mpingo wa Dutch Reformed anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, nayamba kuphunzitsa m'Chinyanja, popeza cholinga chao chinali chakuti munthu adziwerengere yekha Mau a Mulungu. Mu 1927 Boma la atsamunda linasankha zinenero zinai zoti zizigwira ntchito m'sukulu za anthu achikuda: Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Mwana ankayamba Sub A ndi Sub B m'chinenero cha kwao kapena choyandikana nacho, Chingerezi nkumachiphunzira pang'onopang'ono, kufikira m'makalasi apamwamba m'mene chinkalowa m'malo mwa chinenero chija. Mwa njira imeneyi amuna ambiri amene anangokhala pasukulu zaka zitatu kapena zinai ankatha kulemba kalata yomveka bwino ali ku migodi ya ku Wankie kapena ku Johannesburg, ndipo kumudzi kunkapezeka wina woiwerenga.

Komabe musaganize kuti anthu anali okondwa nayo njirayo. Ana a Azungu anali ndi sukulu zaozao, zophunzitsa m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba, ndipo ntchito zonse za malipiro abwino zinkafuna Chingerezi. Kum'mwera, boma la tsankho la South Africa linakhazikitsa lamulo la Bantu Education mu 1953, limene linakakamiza ana achikuda kuphunzira m'zinenero zao ndi cholinga choti asakwere. Chotero m'maso mwa anthu ambiri omenyera ufulu, kuphunzitsa mwana m'chinenero cha makolo ake kunkaoneka ngati msampha wa mtsamunda. Mukapanda kumvetsa ichi, simungamvetse zimene zinachitika ufulu utabwera.

Pa 24 Okutobala 1964 dziko linalandira ufulu lili ndi anthu ake a digiri ongopitirira pang'ono 100, ndi ena ngati 1,000 kapena kuposerapo pang'ono amene anatsiriza sekondale. M'sukulu za pulaimale munali ana pafupifupi 378,000, ndipo m'sekondale munali osakwana 14,000. Chaka chimodzi ufulu usanabwere, bungwe la UNESCO linali litatumiza akatswiri otsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia, ndipo iwo analangiza kuti Chingerezi chikhale chinenero chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba. Nduna yoyamba ya Maphunziro, John Mwanakatwe, amene anali mphunzitsi wodziwa ntchito yake ndiponso mwana wa Munali, anagwirizana nao maganizowo. Boma linavomereza mu 1965, ndipo mu 1966 zinalowa m'malamulo a maphunziro.

Zifukwa zao sizinali zopusa, ndipo tiyenera kuzimva mwaulemu. Dziko linali lakhanda, la mitundu yoposa 70, ndipo atsogoleri ankaopa kuti kukweza chinenero cha mtundu umodzi kudzautsa nsanje mwa ina. Boma linkafuna kutumiza mphunzitsi wa ku Mongu kukagwira ntchito ku Lundazi, ndi wa ku Kasama kukagwira ku Choma, kuti anthu azolowerane. Ana a apolisi, a anamwino ndi a anthu a njanji ankasamuka kawirikawiri pamodzi ndi makolo ao. M'mizinda ya migodi ndi mu Lusaka, kalasi imodzi inkakhala ndi ana a zinenero zisanu kapena kuposa. Ndiponso kulemba mabuku a masamu ndi sayansi m'chinenero chimodzi kunali kotsika mtengo kusiyana ndi kuwalemba m'zinenero zisanu ndi ziwiri, pakuti pa zinai zija panaonjezedwa Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale.

Tsono taonani mmene zaka zinagwera. Yunivesite ya Zambia inabadwa kuchokera m'lipoti la bungwe la Sir John Lockwood la 1963, limene linati yunivesite ya dziko lino iyenera kuyankha zosowa zenizeni za anthu ake, ndi kuti izilandira ophunzira otsiriza Fomu 5 osadikira mayeso apamwamba a ku England. Anthu wamba anasonkha ndalama zomangira, ena napereka nkhuku ndi mbuzi. M'mwezi wa Malichi 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway, ndipo pa 12 Julaye chaka chomwecho Pulezidenti Kaunda anaikidwa kukhala Chansela. Zigawo zoyamba zinali zitatu zokha, ndipo chimodzi mwa izo chinali School of Education. Ndiye kuti chigawo chimene chinayenera kulangiza dziko za kaphunzitsidwe ka ana chinatsegula zitseko zake mlandu wa chinenero utaweruzidwa kale.

Ngakhale chikadafuna kuutsutsa, manja ake anali odzaza ndi ntchito ina. Boma linali kumanga sekondale m'maboma onse, koma aphunzitsi a sekondale pafupifupi onse anali ochokera kunja, ku Britain, ku Ireland, ku India ndi kwina, obwera pa mapangano a zaka ziwiri kapena zitatu. Ntchito yoyamba ya School of Education inali kusula nzika za Zambia zoti zilowe m'malo mwao, poyamba mwa satifiketi ya chaka chimodzi ya anthu okhala kale ndi digiri, pambuyo pake mwa madigiri a zaka zinai ophatikiza phunziro la munthu ndi luso la uphunzitsi. Koleji ya ku Kabwe, imene inatsegulidwa mu 1967 ndi kutchedwa pambuyo pake dzina la Kwame Nkrumah, inathandiza pa ntchito yomweyo moyang'aniridwa ndi yunivesite. Aphunzitsi a pulaimale, amene ndiwo amagwira dzanja la mwana polemba chilembo choyamba, ankaphunzira kwina: ku Chipata, ku Kitwe, ku Livingstone, ku Malcolm Moffat ku Serenje, ku Charles Lwanga kufupi ndi Monze, ndipo okhala kale pantchito ankakanola luso lao ku Chalimbana. Panapita zaka zambiri yunivesite isanayambe kupereka digiri ya uphunzitsi wa pulaimale. Kunena mosabisa, mtunda umenewu pakati pa mphunzitsi wa Giredi 1 ndi pulofesa unachedwetsa kwambiri kuzindikira kuti zinthu sizinali kuyenda.

M'zaka zomwezo Kaunda Square inali kumera. Khonsolo ya mzinda inkapima mapuloti, kulambula miseu ndi kubweretsa madzi, ndipo munthu ankadzimangira yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Anabwera anthu a kum'mawa, a kumpoto, a kum'mwera ndi a kumadzulo, nakhala khomo ndi khomo. Ana ao posewera panja anagwirizana pa chinenero chimodzi, Chinyanja cha m'tauni, ndipo m'mawa ankapita kusukulu kukakumana ndi Zambia Primary Course. Akuluakulu ambiri mwa inu mukumbukira mabuku a Mulenga ndi Jelita, ndi mmene mphunzitsi ankanyamulira khadi lolembedwa liu limodzi la Chingerezi, kalasi yonse nkumalitchula pamodzi mofuula, kawiri, katatu, kakhumi. Mwana wochenjera ankaloweza buku lonse, nkumatha kulinena osaliyang'ana. Mlendo wolowa m'kalasi ankachoka atakhutira kuti ana ali kuwerenga.

Mau otsutsa sanachedwe kumveka. Simon Kapwepwe, pamene anali wachiwiri kwa Pulezidenti, ananena poyera kuti kuphunzitsa ana aang'ono m'Chingerezi nkuwalanda chikhalidwe chao. Koma umboni weniweni unayamba kusonkhanitsidwa pa Munali Road paja. M'zaka za 1970 ndi 1971 kunachitika kafukufuku wamkulu wa zinenero za m'Zambia, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1978 m'buku lotchedwa Language in Zambia, lokonzedwa ndi Sirarpi Ohannessian ndi Mubanga Kashoki. Kashoki, amene anadzakhala mtsogoleri wa Institute for African Studies, anaonetsa kuti zambiri mwa zimene timazitcha zinenero zosiyana nzapachibale kwambiri, ndi kuti munthu wa m'Zambia nthawi zambiri amalankhula ziwiri kapena zitatu. Graham Mytton, pofufuza za omvera wailesi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 aliwonse, pafupifupi 56 ankalankhula Chibemba, 42 Chinyanja, ndipo Chingerezi 26 okha. M'buku lomwelo Robert Serpell analemba za mmene ana a sukulu a mu Lusaka amamvera Chinyanja, naonetsa kuti ngakhale ana ochokera m'nyumba zolankhula zinenero zina anali atachitola kale kwa anzao. Apa chifukwa chimodzi chachikulu cha 1965 chinagwedezeka: kalasi ya mu Lusaka inalidi ya mitundu yambiri, koma sinali yosowa chinenero chogwirizanitsa anawo.

Chaka cha 1976 chinali cha phokoso pa yunivesite. M'mwezi wa Febuluwale inatsekedwa ophunzira atatsutsana ndi Boma pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola, ndipo aphunzitsi ena anamangidwa. Chaka chomwecho Unduna unatulutsa chikalata chotchedwa Education for Development, nupempha dziko lonse kuti likambirane za kusintha maphunziro. Chikalatacho chinati kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4 ana aziphunzira m'zinenero za m'Zambia. Anthu anakambirana m'misonkhano, m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Koma chikalata chomaliza cha 1977, Educational Reform, chinabwerera m'mbuyo. Chinavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero cha amai ake, koma chinati m'dziko la zinenero zambiri zimenezo sizitheka. Chingerezi chinakhalabe, ndipo mphunzitsi analoledwa kumasulira m'chinenero cha ana pamene aona kuti sali kumva. Aphunzitsi ambiri anali akuchita kale zimenezo mobisa, woyendera sukulu akachoka. Chodabwitsa nchakuti m'chaka chomwecho cha 1977 Unduna unavomereza malamulo a kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri zija, ntchito yabwino imene ana ambiri sanapindule nayo, pakuti phunziro la chinenero cha kwao linali lonyozeka pa ndandanda ya maphunziro.

Pamenepo nkuti mavuto a chuma atayamba. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, mafuta anakwera, ndipo ana m'sukulu za pulaimale anapitirira miliyoni imodzi pofika 1980. Walira mvula walira matope: dziko linafuna sukulu ya mwana aliyense, ndipo ana anabweradi, koma mabuku, madesiki ndi malipiro a aphunzitsi sizinatsatire. Mu Lusaka sukulu zina zinkalowetsa ana m'magulu atatu pa tsiku, gulu lililonse maola owerengeka. Munthu amene anaika zonsezi m'mawerengero anali Bambo Michael J. Kelly, wansembe wa chipani cha Jesuit wochokera ku Ireland, amene anayamba waphunzitsa ku Canisius ku Chikuni, nadzakhala mkulu wa School of Education kuyambira 1975. Mu 1986 iye ndi anzake a m'chigawocho anatulutsa lipoti lalikulu lofufuza mmene maganizo a 1977 angakwaniritsidwire pamene anthu ali kuchuluka ndipo ndalama zili kuchepa. Buku lake la 1991, Education in a Declining Economy, lifotokoza zaka za 1975 kufikira 1985. Kelly ankabwereza kunena kuti mwana woyamba sukulu m'Zambia ali kusenzetsedwa akatundu awiri nthawi imodzi, kuphunzira kuwerenga ndi kuphunzira chinenero chachilendo, ndi kuti mapeto ake nkuloweza popanda kumvetsa. Anamwalira mu Lusaka mu Januwale 2021. Chikalata cha Boma cha 1992, Focus on Learning, chinalangizanso zobwerera ku zinenero zathu m'magiredi anai oyamba, koma chinangokhala papepala.

Umboni umene unasuntha anthu unachokera pa kuyerekeza dziko lino ndi Malawi, ndipo inu owerenga Chinyanja muyenera kuudziwa bwino. Ku Malawi, kuyambira 1968, ana a Sitandade 1 kufikira 4 ankaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro chabe. Kuno ankaphunzira zonse m'Chingerezi. Eddie Williams wa ku yunivesite ya Reading ku England anayesa ana a maiko awiriwa pa kuwerenga, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1993. Munthu aliyense akadayembekeza kuti pa Chingerezi ana a ku Zambia adzasiya anzao kutali, popeza anali nacho tsiku lonse kwa zaka zinai. Sizinatero. Pa Chingerezi magulu awiriwo anali pafupifupi ofanana, ndipo onse anali ofooka. Koma pa kuwerenga Chichewa kapena Chinyanja, chimene ndi chinenero chimodzi cha maina awiri, ana a ku Malawi anapambana kutali. Ndiye kuti mwana wa kuno anataya kuwerenga chinenero chake osapindula kanthu pa Chingerezi. Mu 1995 mayeso a bungwe la SACMEQ anatsimikiza chithunzi chomwecho: mwa ana a Giredi 6, mmodzi yekha mwa anai ndiye anafika pa mlingo wotsikitsitsa wa kuwerenga, ndipo ofika pa mlingo wofunika anali osakwana atatu mwa 100.

Mu 1996 chikalata cha Educating Our Future chinatsegula khomo pang'ono. Chinati Chingerezi chikhalebe chinenero chophunzitsira, koma mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'chinenero cha m'dera lake. Njira yochokera ku Molteno Project ya ku South Africa inayesedwa m'Chibemba ku Kasama mu 1998, ndipo mu 1999 inayamba Primary Reading Programme, mothandizidwa ndi boma la Britain. Mu Giredi 1 mwana ankanena chiganizo chake, nkuchimanga ndi timakadi ta mau, nkuchilemba. Imeneyi ndiyo New Breakthrough to Literacy. Mu Giredi 2 ankaolokera ku Chingerezi. Pofika 2003 njirayi inali m'sukulu za Boma za dziko lonse. Poyamba zotsatira zinali zosangalatsa, koma pamene chithandizo chakunja chinatha, timakadi tinatayika, mabuku anang'ambika, ndipo panalibe zolowa m'malo. Chaka chimodzi chinalinso chochepa kuti mwana akhazikike.

Apa mpamene School of Education inachita ntchito imene ndiiona kuti ndiyo yopambana pa nkhani yonseyi, pakuti inafunsa funso limene mbali zonse ziwiri zinali kulilumpha. Tikati mwana wa mu Lusaka aphunzire m'Chinyanja, tili kunena Chinyanja chiti? Cha m'buku nchochokera ku Chichewa cha ku Katete ndi ku Chadiza. Cha mwana wa ku Kaunda Square ndi china. Mphunzitsi akaonetsa chithunzi cha galu, mwanayo amati imbwa. Madzi amati manzi, dzuwa amati zuba, zinthu amati vintu, tsopano amati manje, ndipo mailo kwa iye ndi dzulo ndiponso mawa. Saganiza kuti ali kulakwa, pakuti umo ndi mmene alankhulira amai ake, kondakitala wa minibasi ndi wogulitsa tomato pamsika. Tsono taganizani mphunzitsi amene afuna kuphunzitsa liu la chilembo g, nakweza chithunzi cha galu, ana onse nkuyankha mokondwa liu limene mulibe g. Geoffrey Tambulukani wa m'chigawocho, pamodzi ndi Adriana Bus wa ku Netherlands, anafalitsa mu 2012 kafukufuku woonetsa kuti ana amene chinenero chao cha masiku onse chili pafupi ndi cha m'kalasi amagwira kuwerenga msanga kuposa anzao. Chaka chomwecho David Sani Mwanza analemba za Chinyanja m'sukulu za mu Lusaka, napeza kuti ana, ndiponso aphunzitsi ena, ankavutika ndi Chinyanja cha m'buku.

Ena pomva izi amati: mwaona, Chinyanja nachonso nchachilendo kwa anawa, bwanji osangoyamba ndi Chingerezi? Kuganiza kotero nkufulumira. Mwana wonena manzi akamva madzi sasochera nthawi yaitali, pakuti kamangidwe ka chiganizo nkamodzi, magulu a maina ndi amodzi, ndipo chilembo chilichonse chili ndi liu lake losasintha. M'Chingerezi chilembo chimodzi chimatha kumveka mosiyanasiyana, ndipo chiganizo chonse nchachilendo. Kuchoka ku Kaunda Square kupita ku Chipata ndi ulendo ndithu, koma sungafanane ndi wopita ku London. Chimene kafukufukuyo anasonyeza nchakuti olemba mabuku a Giredi 1 ndi osula aphunzitsi ayenera kuyambira pa mau amene mwana wabwera nao, nkumuyendetsa pang'onopang'ono kufika ku Chinyanja cholembedwa. Nkhani yomweyi ikhudzanso Asoli a ku Chongwe, amene ndiwo eni nthaka imene Lusaka anamangidwapo, Ansenga a ku Petauke ndi Atumbuka a ku Lundazi, onse amene sukulu imawapatsa Chinyanja monga chinenero cha dera lao.

Mu Januwale 2014, pansi pa ndondomeko ya maphunziro ya 2013, zimene zinakanidwa mu 1977 zinachitika: kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4 maphunziro onse m'chinenero cha m'dera, Chingerezi nkutenga malo mu Giredi 5. Chaka chomwecho, ngati kuti maiko awiriwa anapangana kusinthana mipando, Malawi analengeza kuti ana ake aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Kuno madandaulo sanachedwe. Mabuku anafika mochedwa ndiponso ochepa. Aphunzitsi ena anatumizidwa kumadera kumene chinenero chake sankachidziwa. Mitundu imene zinenero zao sizili pa zisanu ndi ziwiri zija inaona ngati yamezedwa. Ndipo makolo a m'tauni anaona chinthu chimene sichifuna kafukufuku: ana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ophunzira m'sukulu zolipira, anapitiriza ndi Chingerezi kuyambira ku nasale, pamene mayeso a Giredi 7, a sekondale ndi mafunso a pofuna ntchito onse anali m'Chingerezi. Mai wogulitsa pamsika amene amadzimana kuti alipirire mwana wake kasukulu ka m'komboni kophunzitsa m'Chingerezi sali wosadziwa. Iye ali kuyang'ana kumene kuli ntchito, monga anayang'anira makolo a 1965.

Mu 2023 Unduna wa Maphunziro unatulutsa ndondomeko ina, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 m'sukulu za ana aang'ono, mu Giredi 1 ndi mu Fomu 1. Pulaimale inafupikitsidwa kukhala zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo Chingerezi chinabwezedwa kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira pachiyambi, zinenero za m'Zambia nkukhala phunziro ndiponso chothandizira pomasulira. Amene mwatsata nkhaniyi mwaona kuti mau amenewa afanana kwambiri ndi a 1977. Kusinthaku kwapeza makalasi odzaza kuposa kale, pakuti kuyambira Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za Boma ndi aulere ndipo ana ambiri amene anali kunyumba anabwerera. M'nyumba imodzi ya ku Kaunda Square mungapeze agogo amene anayamba ndi Mulenga ndi Jelita mu 1972, mwana wao amene anayamba ndi timakadi ta Chinyanja mu 2003, ndi mdzukulu amene wayambanso ndi Chingerezi. Mphunzitsi wa mdzukuluyo mwina anaphunzitsidwa ntchito yake m'zaka zimene lamulo linali la Chinyanja.

Ana amene analowa Giredi 1 mu 2025 adzafika Giredi 4 mu 2028. Pamenepo mpamene aphunzitsi ndi ophunzira a School of Education adzathe kunyamula mapepala ao kupita ku sukulu za ku Kaunda Square, ku Chelstone ndi ku Kabwata, kukakhala pansi ndi mwana mmodzimmodzi ndi kumuwerengetsa ndime ya Chingerezi ndi ya Chinyanja, monga anachitira Williams, kenaka nkumufunsa kuti afotokoze m'mau akeake chimene wawerenga.